Kalata Yochotsa Aphunzitsi

Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito m'boma ndalemba makalata osawerengeka. Ena opempha tchuthi, ena odandaula za malipiro ochedwa, ena oyankha mabwana a ku likulu pa nkhani zimene iwo eni anaziiwala kalekale. Onsewo anapita ndi mphepo. Koma ilipo kalata imodzi ya mizere isanu ndi iwiri, yolembedwa pamanja papepala long'amba m'kope, imene mpaka lero ndikhoza kuinena pamtima kuyambira pa deti mpaka pa siginecha. Ndinailemba usiku wa Lamulungu lina mu Ogasiti 2018, ndikuunikira ndi tochi ya foni, ndipo inali yochotsa paudindo munthu amene anandiphunzitsa kalembedwe ka kalata.

Kwathu ndi m'dera la Nkhoma. Ukatsika minibasi pa Kamphata n'kulowera msewu wa ku mishoni, mudzi wathu umaupeza usanafike paphiri. Tili ndi bwalo la mpira lopendekeka pang'ono, moti timu imene ikumwetsa chakumtunda imakhetsa thukuta kawiri, ndipo alendo akagonja amanamizira bwalolo. Ine mpira wooneka sindinausewerepo. Ndinalowa m'komiti ya timu ya m'mudzimo pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti ndine wa m'boma. Kumudzi munthu wa m'boma amayesedwa katswiri wosunga mapepala, choncho tsiku lina ndinangouzidwa kuti ndine mlembi, ndipo kuyambira pamenepo ngakhale agogo anga ankandiitana kuti Alembi.

Kochi wa timuyo aliyense ankangowatchula kuti Aphunzitsi, ndipo inenso ndiwatchula choncho muno. Anandiphunzitsa Sitandade 7 m'chaka cha 1994, chaka chimene boma linachotsa fizi ku pulayimale ndipo ana anakhamukira kusukulu ngati ngumbi za mvula yoyamba. Makalasi anasefukira, ena tinkaphunzirira pansi pa mtengo, koma iwo ankachonga kope lililonse ndi bolopeni yawo yofiira osadumpha ngakhale mpumiro umodzi. Nditasankhidwa kupita ku sekondale, ndi iwo amene anapalasa njinga kukawagwira mwendo malume anga kuti agulitse mbuzi ziwiri za fizi. Pakanapanda ulendo umenewo, bwenzi lero ndikukusimbirani nkhaniyi pamoto, osati papepala.

Timuyo anaiyambitsa okha, ndi ana a sukulu ndi mpira wachikulunga. Atapuma ntchito anatapa pa ndalama zawo za penshoni n'kukagula jezi zoyamba pa kaunjika ku Lilongwe, manambala ake n'kusokedwa ndi telala wa pa Nathenje. Zaka zabwino zinalipo, sindinama. Panali nthawi imene matimu a ku Mitundu akamva kuti tikubwera ankayamba kufunafuna osewera obwereka, ndipo amayi a m'mudzi mwathu ankatilandira ndi nthungululu lole yathu isanaime n'komwe.

Koma pofika mu 2017 zinthu zinali zitayamba kulowa pansi. Anyamata amene anali mizati ya timu anabalalika. Goloboyi wathu anapita ku Joni, womwetsa zigoli anakayamba kabaza m'tauni, wina anakwatira kutali n'kukakhala chikamwini kutsidya kwa Linthipe. Otsalawo anali ana a masiku ano, okulira m'nyumba za vidiyo pa Nathenje, kumene Loweruka lililonse amaonera mpira wa ku England pa ndalama ya mandasi. Iwowa ankabwera pabwalo ali ndi mafunso. Aphunzitsi akati tithamange kuzungulira bwalo kakhumi, iwo ankafunsa kuti mpirawo tiugwira nthawi yanji. Aphunzitsi akati wakumbuyo sadutsa mzere wapakati, iwo ankayang'anana n'kumaseka chamumtima. Komanso panali khalidwe lina limene ife a komiti tinkaliona koma osalinena: Aphunzitsi ankasankha osewera monga mmene ankasankhira mamonitala. Mnyamata waulemu, wovula chipewa popereka moni, ankayamba masewero ngakhale miyendo yake ili yonse yamanzere. Wamwano, ngakhale akhale wothyola anzake m'chiuno, ankakhala panja. Anyamata obwera ku maphunziro a Lachiwiri ndi Lachinayi anachepa kuchoka pa makumi awiri kufika pa asanu ndi atatu. Tsiku lina ndinadutsa pabwalopo pochokera kuntchito ndipo ndinapeza Aphunzitsi akufotokoza, wezulo ili pakhosi, anyamata atatu ali pafoni, wina akuyang'ana ng'ombe.

M'chilimwe cha 2018 mkulu wina wamalonda, amene mphekesera zinkati akufuna kudzaima nawo pa chisankho cha 2019, analengeza chikho. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno zikho zimaphuka chisankho chikayandikira, ngati bowa pachulu. Koma chimenechi chinali chonona: ndalama, jezi zatsopano ndi mipira kwa opambana, ndipo matimu ochokera ku Nkhoma, Kamphata, Nathenje mpaka ku Mitundu anali ololedwa kupempha malo. Malowo anali 16 okha. Matimu khumi amene anatsogola m'zigawo zawo analowa popanda funso. Malo asanu ndi limodzi otsalawo anali m'manja mwa komiti ya chikho, imene inati isankha poyang'ana mapepala a timu iliyonse: mndandanda wa osewera, zotsatira za masewero a chaka chimenecho zosainidwa ndi oyimbira, ndi lisiti la K15,000 yolembetsera. Zonsezi zinayenera kufika pasanadutse Lachisanu.

Mwana wa achemwali anga, amene anakaphunzira ku America, anandiuza nthawi ina kuti kumeneko nako amachita chimodzimodzi ndi mpikisano wa basiketibolo wa m'makoleji. Opambana m'maligi awo amalowa okha, otsalawo amasankhidwa ndi komiti imene imadzitsekera m'chipinda, ndipo mayina amalengezedwa pa kanema Lamulungu lina mu Malichi. Mu 2011 anakweza chiwerengero cha matimu kufika pa 68, komabe chaka chilichonse pamakhala sukulu zolira kuti zaponderezedwa, ndipo m'masabata otsatirawo makochi angapo amalongedza katundu. Ndinaseka pomva izi, poona kuti ngakhale kwa eni ndalama mndandanda ukangotuluka pamafunika munthu woti ausenze.

Timu yathu sinatsogole m'chigawo chathu. Pa masewero 14 tinapambana asanu, kufanana mphamvu atatu, kugonja asanu ndi amodzi. Sizinali zonyaditsa, koma sizinalinso zochititsa manyazi, ndipo tonse tinkadziwa kuti tili pamalire. Ndalama yolembetsera inasonkhedwa movutikira. Amayi ena anapereka K200, wapampando wathu, amene amapha mbuzi pamsika, anapereka K3,000, ndipo Aphunzitsi anatseka pamene panapelewera. Lolemba madzulo anandipatsa envulopu ya khaki, mapepala onse ali mondondozana, atawapana ndi kapini.

"Alembi, izi zili m'manja mwanu," anatero.

"Musade nkhawa, Aphunzitsi. Mawa lomweli ndikasiya," ndinayankha.

Ndinaika envulopuyo m'thumba lam'kati la jekete. Lachiwiri m'mamawa, ndisanatuluke m'nyumba, foni inalira. Mnzanga wina wa kuntchito anadwala, ndipo dzina langa linalowa m'malo mwake pa wekishopu ya masiku anayi ku Mponela. Amene munagwirako ntchito m'boma simufuna kuti ndikufotokozereni tanthauzo la masiku anayi a alawansi kwa munthu wa giredi yanga, mwezi uli pakati, fizi ya mwana ikudikira. Ndinakwera galimoto ya kuntchito ndili ndi jekete lomwelo. Tinadutsa pa Nathenje dalaivala akuthamangira nthawi, ndipo ndinadziuza kuti ndidzatumiza munthu. Ku Mponela ndinapachika jeketelo kuseri kwa chitseko cha chipinda changa, popeza kunali kotentha, ndipo envulopuyo ndinaikumbukira Loweruka, ndikufufuza ndalama ya minibasi m'matumba.

Lolemba ndinalawirira pa Nathenje. Mndandanda unali utamatidwa kale pakhoma la golosale, anyamata ataunjikana ngati pa zotsatira za mayeso. Pansi pa mayina 16 aja panali mawu akuti matimu asankhidwa potengera mmene achitira chaka chino. Ndinamupeza mlembi wa komiti ya chikho kuseri, akumwa tiyi. Analandira envulopu yanga, anawerenga zotsatira zathu, kenaka anapukusa mutu.

"Achimwene, mwatilakwira ndipo mwadzilakwira. Ife tinatseka Lachisanu. Pa malo otsiriza tinakangana mpaka usiku, ndipo timu imene tinaipatsa inapambana masewero anayi okha. Mapepala awa akanakhala patebulo, sipakanakhala mkangano."

Anandibwezera envulopuyo ndi ndalama zake zomwe. Ndinamupempha kuti nkhaniyi ithere pomwepo, ndipo iye anangoti si ntchito yake kulengeza za eni.

Kumudzi moto unali utayaka kale. Palibe amene anafunsa za mapepala, pakuti khoma la golosale linali litapereka kale chifukwa: sitinachite bwino. Ndipo timu ikapanda kuchita bwino, ngakhale mwana woyamwa amadziwa koloza chala. Lamulungu, anthu atatuluka m'tchalitchi, tinakumana pansi pa mtengo wa kachere pabwalo la amfumu. Kunabwera anthu ambiri kuposa amene amabwera ku msonkhano wa chitukuko. Kaputeni wa timu, mnyamata wofatsa amene sindinamumvepo akukweza mawu, anaimirira chipewa chili m'manja n'kunena kuti iwo amawalemekeza Aphunzitsi ngati bambo awo, koma mpira umene akuphunzitsa ndi wa nthawi ya Kamuzu. Anthu anaseka. Wina anakuwa kumbuyo kuti ngakhale Kinnah Phiri anachotsedwa, nanga Aphunzitsi ndani. Winanso anati mzungu wa ku Belgium amene ali ndi Flames uja nayenso anyamuke, onse apitire limodzi.

Aphunzitsi anakhala pampando wawo wopinda, manja ali pandodo, osayankha kanthu. Anthu atatopa, anapempha mwayi wolankhula, ndipo anafunsa funso limodzi lokha. Anatembenukira kwa ine.

"Alembi, kodi mapepala aja anapita?"

Mazana a maso anandiyang'ana. Apongozi anga anali pomwepo. Ndalama ya anthu, K15,000, inali kunyumba kwanga pansi pa matiresi, ndikusowa njira yoibwezera.

"Anapita, Aphunzitsi," ndinatero.

Sindinaname, pakuti anapitadi. Ndakhala ndikudzitonthoza ndi mawu amenewa zaka zambiri, ndipo ndikukuuzani kuti satonthoza. Aphunzitsi anandiyang'ana kanthawi, monga ankachitira mwana akapereka yankho lokopera kwa mnzake, kenaka anagwedeza mutu n'kuti, "Chabwino." Wapampando anawapempha kuti ayambe apita kunyumba kuti komiti ikambirane. Anapinda mpando wawo okha, anaumangirira panjinga, n'kumapita akuikankha. Mavoti anali asanu ndi awiri kwa mmodzi. Mmodziyo sanali ine. Anali mayi wina wosunga chuma, amene anati munthu sachotsedwa tsiku la maliro.

Usiku womwewo ndinalemba kalata ija. Ndinathokoza Aphunzitsi chifukwa cha ntchito yawo ya zaka zambiri, ndipo ndinati komiti yaganiza zowapumitsa chifukwa timu yalephera kusankhidwa mu chikho kaamba ka kusachita bwino. Mayi a kunyumba anandifunsa chimene ndinkabuulira, ine ndinati ndi mutu. M'mawa sindinapite nayo ndekha. Ndinatuma kamnyamata ka panjinga, n'kukapatsa K100 ya switi. Ndalama ya anthu ija ndinaibweza patapita sabata ziwiri, ndikunena kuti a chikho abweza kwa matimu onse osasankhidwa, ndipo anthu anayamikira chilungamo cha mkulu wamalonda uja.

Kuyambira nthawi imeneyo nkhani za kuchotsedwa kwa makochi ndimazimva ndi khutu lina. Taonani za Kinnah Phiri amene anatchulidwa pansi pa kachere paja. Munthu ameneyu anamwetsera Malawi zigoli 71 ali wosewera, ndipo palibe amene wamuposa. Anatenga Flames mu 2008 n'kuipititsa ku mpikisano wa mayiko a mu Africa wa 2010 ku Angola, patatha zaka 26 chipitireko koyamba mu 1984. Pa 11 Januwale 2010 tinathira Algeria zigoli zitatu kwa duu, ndipo ndikukumbuka kuti pa Nathenje anthu anavina pamsewu mpaka malole anaima. Patangotha zaka zitatu, mu Januwale 2013, anachotsedwa. Pambuyo pake mpandowo unasanduka wa m'minibasi, wokhalapo mpaka pa siteji yotsatira: Tom Saintfiet, Young Chimodzi, Ernest Mtawali, Ronny Van Geneugden, aliyense kulandiridwa ndi chiyembekezo n'kutsanzikidwa ndi mluzu. Sindikunena kuti onsewa analakwiridwa. Ndikungonena kuti nthawi iliyonse ndikamva pawailesi kuti komiti yakumana ndipo yagwirizana zochotsa kochi, ndimadzifunsa kuti pa anthu amene anakweza manjawo, ndani anali ndi envulopu m'jekete. Kochi ndiye amaima poyera, pamzere, dzuwa likumuwomba, anthu onse akumuona. Amene sanakonze masewero opimana mphamvu, amene anachedwetsa ndalama za osewera, amene anaiwala kutumiza kalata, amakhala pamthunzi ndipo ndi omwewo amene amavota.

Tsono pano ndiyenera kunena chinthu chimene chimandivuta kuposa zonse, chifukwa nkhaniyi ikanakoma ikanakhala kuti timu inafa Aphunzitsi atachoka. Sinafe. Tinapatsa udindowo mnyamata wina amene anasewerako mpira m'tauni, ndipo m'sabata ziwiri zokha bwalo linadzaza. Anyamata amwano aja anabwerera, ndipo anapezeka kuti ndi amwano ndithu koma odziwa mpira. Chaka chotsatira tinatsogola m'chigawo chathu. Kaputeni uja sanalakwe. Nthawi ya Aphunzitsi inali itathadi.

Koma inatha liti? Ine ndikuti inatha tsiku lija ndinawapeza akulankhula kwa anyamata oyang'ana mafoni ndi ng'ombe, chaka chathunthu chikho chisanabwere. Kugonja pakokha sikundiuza zambiri. Timu ikhoza kugonja chifukwa goloboyi wapita ku Joni, kapena chifukwa yakumana ndi oposa, ndipo kochi wabwino amaoneka pamenepo, anyamata akamabwerabe Lachiwiri ngakhale anakwapulidwa Lamulungu. Koma mawu a kochi akayamba kugwa pansi osatoledwa, ngakhale timuyo ipambane mwamwayi, ntchito yatha. Ife a komiti tinaziona zimenezi mu 2017, ndipo tinakhala chete chifukwa panalibe wolimba mtima woti akagogode pakhomo la munthu amene anatiphunzitsa tonse. Tikanapita nthawi imeneyo, akuluakulu awiri kapena atatu, madzulo, n'kukhala nawo pakhonde. Tikanawauza zoona, tikanawapempha kuti akhale nkhoswe ya timu ndipo asankhe okha mnyamata woti amulangize, tikanapha mbuzi n'kuitana mudzi. M'malo mwake tinadikira tsiku la mkwiyo kuti litichitire ntchito imene tinkaiopa. Tinachedwa ndi chaka, ndipo titafika tinafika ndi chifukwa chabodza, cholembedwa ndi dzanja langa.

Aphunzitsi sanabwerenso pabwalo. Tikakumana kutchalitchi ankandipatsa moni monga kale, kufunsa za ana, za kuntchito. Ine ndinayamba kukhala mbali ina ya tchalitchi. Ndinatula pansi ulembi mu 2019, ndikunamizira kuchuluka kwa ntchito.

Chimene chinandidzutsa ndi nkhani ya Meck Mwase. Pa 29 Malichi 2021 Flames inagonjetsa Uganda 1-0 pa Kamuzu Stadium ndi chigoli cha Richard Mbulu, ndipo Mwase anakhala kochi amene watipititsa ku mpikisano wa mu Africa kachitatu. Chaka chisanathe, mpikisano uli pakhomo, anamuika pansi pa Mario Marinica wa ku Romania. Ku Cameroon, mu Januwale 2022, Marinica anapezeka ndi Covid-19, ndipo Mwase yemweyo ndiye anaima pamzere pamene tinagonja 1-0 ndi Guinea n'kugonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango. Titafanana mphamvu ndi Senegal osagoletsana, tinathera pa nambala 3 m'gulu lathu ndi mapointi anayi. Mpikisanowo unali wa matimu 24 m'magulu asanu ndi limodzi, ndipo lamulo linalembedwa kale kuti mwa matimu a pa nambala 3, anayi ochita bwino apitirira. Panalibe komiti yodzitsekera m'chipinda, panalibe envulopu. Aliyense wokhala ndi pensulo akanatha kuwerengera yekha, ndipo Malawi inalowa m'ndime ya matimu 16 koyamba m'mbiri yake. Miyezi yochepa pambuyo pake Mwase anachotsedwa ntchito, koma zimenezo zinali zisanachitike pa tsiku limene ndikufuna kukusimbirani.

Pa 25 Januwale tinagonja 2-1 ndi Morocco, Gabadinho atamwetsa chigoli chija cha kutali chimene anthu sadzachiiwala. Ndinaonera m'nyumba ya vidiyo pa Nathenje, ndipo pobwerera usiku anthu m'galimoto ankangokamba za Mwase, kuti munthu wakhetsa thukuta koma ulemu ukupita kwa wina. Ine ndinakhala kumbuyo, chete, mawu aliwonse akundilasa. Loweruka lotsatira ndinagula shuga ndi buledi, ndinavala jekete lomwe lija, pakuti wa m'boma sasintha jekete kawirikawiri, n'kupita kwa Aphunzitsi.

Mvula inali itangokata. Ndinawapeza pakhonde, wailesi ili pambali, akusoka thumba la feteleza. Anali atakalamba kuposa mmene ndinkaganizira. Amayi anandiyalira mphasa koma iwo anati anditengere mpando, popeza kwabwera a boma. Tinakamba za mvula, za chimanga chimene chinali chitayamba kufuna feteleza wachiwiri, kenaka za mpira. Iwo anali atamvera masewero onse pawailesi. Anati penate imene anatilanda pa masewero a Senegal, woyimbira atakaonera pa kanema, inawapweteka mpaka sanadye nsima. Anati wakumbuyo wa Morocco uja, Hakimi, amadutsa mzere wapakati ngati alibe kwawo, ndipo anaseka okha.

"Mwina anyamata aja ankanena zoona, Alembi. Mpira unandisiya panjira."

Pamenepo ndinalephera kupirira. Ndinatsika pampando n'kukhala pansi.

"Aphunzitsi, ndabwera ndi mlandu. Mapepala aja sanafike Lachisanu. Ndinapita nawo ku Mponela m'jekete lino. Ndinakapereka Lolemba, mndandanda utatuluka kale. Timu sinasiyidwe chifukwa cha inu."

Anapitiriza kusoka mpaka anafika kumapeto kwa mzere, analuma ulusi, n'kuika thumbalo pambali.

"Ndikudziwa, mwana wanga. Mlembi wa chikho uja ndinamuphunzitsanso ine, Sitandade 5. Anabwera kuno Lachitatu lomwelo, msonkhano wanu usanachitike."

"Ndiye bwanji simunanene pabwalo paja?"

"Ndinakufunsa. Unayankha."

Panadutsa nthawi tili chete. Nkhuku inadutsa pakati pathu ndi anapiye ake. Kenaka anati akanandiulula tsiku limenelo, apongozi anga ali pomwepo ndi ndalama za amayi zili m'manja mwanga, sindikanakhalanso munthu m'mudzi muno, pamene iwo anali nkhalamba yoti ipume basi. Anati chimene chinawawawa si kuchotsedwa. Chinali kamnyamata ka panjinga.

"Zaka zonsezi ndinkadikira kuti amene analemba abwere yekha."

Anaitana amayi kuti awabweretsere Baibulo. Pakati pake panali pepala lopindidwa kanayi, lofiirira m'mphepete. Anandipatsa. Inali kalata yanga, koma yosiyana ndi mmene inachokera m'manja mwanga. Bolopeni yofiira inali itayendamo. Pa deti panali chizindikiro chosonyeza kuti ndinaiwala mpumiro. Liwu lakuti "chisankho" ndinali nditalemba mopanda h wachiwiri, ndipo analizunguliza. Mzere wonena za chifukwa chowachotsera anaudula pansi kawiri, ndipo m'mbali mwake analemba ndi zilembo zawo zopendekera zija kuti, "Kodi?" Pansi penipeni, pafupi ndi siginecha yanga, panali malikisi: 4/10. Lembanso.

Ndinafunsa ngati ali ndi pepala. Amayi anang'amba limodzi m'kope la mdzukulu wawo, ndipo Aphunzitsi anandibwereka bolopeni yabuluu. Ndinalemba nditatsamiritsa pepalalo pa bondo, iwo akuyang'ana chakuphiri kumene mitambo inali itayambanso kusonkhana. Nditamaliza anavala magalasi, anawerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedera, ndipo anatambasula dzanja osandiyang'ana.

"Amayi, tandipatsirani yofiira ija."